MoneyHelper: ulangizi waulere wa zachuma kwa mabanja okhala ku Britain

MoneyHelper ndi ntchito yolangiza anthu pa za ndalama yomwe bungwe la boma la Britain, Money and Pensions Service, linayambitsa mu 2021. Salipiritsa kanthu, komanso sagulitsa ngongole kapena inshuwalansi, motero mlangizi amene mukulankhula naye pafoni kapena pa intaneti alibe choti apindule pa inu. Ndikuona kuti banja lililonse lochokera ku Malawi liyenera kuyambira pamenepa lisanapite kwa alangizi olipiritsa.

Chida chawo chothandiza kwambiri ndi Budget Planner, pomwe mumalemba malipiro a nonse awiri, kenaka lendi, msonkho wa khonsolo, magetsi, gasi, chakudya ndi mayendedwe, ndipo chimakuonetsani zotsala kapena zoperewera. Ubwino wake weniweni ndi wakuti chimakakamiza mwamuna ndi mkazi kuulula zonse pamodzi. M'mabanja ambiri kuno aliyense amatumiza ndalama kwa abale ake mwamseri, ndipo mkangano umabuka tsiku limene lendi yaperewera. Ndalama za makolo a mbali zonse ziwiri zikalembedwa poyera, kukayikirana kumachepa.

Amafotokozanso bwino za akaunti ya anthu awiri, makamaka mfundo imene ambiri saidziwa, yakuti kutsegula akaunti yotere kumalumikiza mbiri yanu ya ngongole ndi ya mnzanu ku makampani osunga mbiri za ngongole monga Experian ndi Equifax. Ngati mmodzi ali ndi ngongole zosabweza, winayo akhoza kuvutika kupeza ngongole yogulira nyumba. Amatchulanso Marriage Allowance, yomwe imalola amene amalandira zosakwana £12,570 pachaka kusamutsira £1,260 ya gawo lake losadulidwa msonkho kwa mnzake, ngati mnzakeyo amalipira msonkho wa mlingo woyamba, ndipo banja limapulumutsa mpaka £252 pachaka.

Pa za penshoni ndi pomwe ndimawayamikira kwambiri. Ambiri amatuluka mu penshoni ya kuntchito poganiza kuti abwerera kwawo posachedwa, osadziwa kuti akutaya gawo lomwe olemba ntchito amawaikira, lomwe silichepera 3 peresenti ya malipiro owerengeredwa penshoni. Penshoni ya boma imafuna zaka zosachepera 10 za National Insurance (ndalama zomwe boma limadula pa malipiro), ndipo mukakapumira ku Malawi imalipidwabe, koma siikwezedwa chaka ndi chaka.

Zofooka zilipo. Zambiri zimene analemba zokhudza thandizo la boma sizikhudza mabanja omwe viza yawo siwalola kulandira thandizolo, ndipo owerenga mosasamala akhoza kusokonezeka. Chachikulu n'chakuti dongosolo lawo limawerengera mapaundi okha, pomwe banja la Chimalawi limakhala ndi bajeti ziwiri. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti, feteleza ndi fizi unakwera kumudzi, ndipo zopempha zinachuluka. Maliro nawo sachenjeza, ndipo kutumiza thupi kumudzi kumadya mapaundi masauzande angapo. Zimenezi muyenera kuziwerengera nokha ndi kuziikira thumba lapadera.

Dziwaninso kuti iwo amangolongosola njira zomwe zilipo, sakusankhirani. Ofuna kuuzidwa mwachindunji komwe angaike ndalama zawo ayenera kupita kwa mlangizi wovomerezedwa ndi Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani a zachuma, ndipo ameneyo amalipiritsa.