Buloko yatsopano kusukulu ya ana anga: nyenyezi 3 basi

Buloko yomwe boma lamanga pa pulayimale yomwe kumapita ana anga ndikuipatsa nyenyezi 3 mwa 5, ziwiri zinazo zagwera kuchimbudzi.

Zabwino zilipo ndithu, tisanamizane. Makalasi awiriwo ndi otakasuka, simenti ya pansi ndi yolimba, si ija yoti mwana akakhwekhwereza desiki pansi nkukumbika ayi. Mawindo ndi akuluakulu mbali zonse ziwiri, mpweya ukudutsa ndipo wokhala kumbuyo akuona pa bolodi ngakhale kunja kuchite mitambo. Pakhomo aikanso potsetsereka poti mwana woyenda pa njinga ya olumala azilowa yekha osachita kunyamulidwa, apa kontirakitala ndamuombera m'manja.

Koma siling'i mulibe. Mvula ikangoyamba kumenya malata aja aphunzitsi amangooneka kukamwa kukuyenda, mawu osamveka, ndiye nthawi yotentha ikafika 11 koloko ana onse ali lende kusinza. Madesiki akuti ali pa kontirakiti ina, mpaka pano ana ambiri akhala pansi m'kalasi yonunkhira penti, eti.

Tsopano nkhani ya zimbudzi, abale inu. Buloko ikamangidwa ana amachuluka, makolo amene amazengereza amayamba kutumiza awo, izi aliyense amadziwa, koma zimbudzi ndi zomwe zija zakale, zina zitseko zinachoka kalekale, madzi osamba m'manja palibe, ndipo nthawi ya buleki mzere wake umatalika moti ana ang'onoang'ono amangothawira kuseri kwa buloko yatsopano yomweyo. Malangizo a 2009 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati pasukulu pazikhala chimbudzi chimodzi pa atsikana 25 aliwonse, ndipo anyamata 50 akhale ndi chimbudzi chimodzi kuphatikiza pokodzera. Ife tili kutali zedi. Atsikana a makalasi akumtunda akakhala kumwezi alibe posinthira, ndiye ena amangojomba masiku amenewo, kalasi yokongolayo nkumakhala ndi malo opanda eni ake.

Mukafunsa amati ndalama zinali za buloko yokha. Mwina ndi zoona. Mu 2015 pamsonkhano wa zamaphunziro mumzinda wa Incheon ku South Korea maiko anagwirizana kuti maphunziro azilandira 15 mpaka 20 peresenti ya ndalama zonse zomwe boma limagwiritsa ntchito, koma ngakhale komwe amafikako, gawo lalikulu limathera kumalipiro a aphunzitsi, zomangamanga zimatsalira nyenyeswa. Ndiye kochepa katsalako akuluakulu amakonda kukaika pa chinthu choti akadule riboni nkujambulitsa. Munamuonapo ndani akujambulitsa pa chimbudzi?

China chandiwawa ndi ngalande. Sanakumbe, madzi ochoka padenga akungogwera m'tsinde mwa chipupa, ndipo pamwamba pa chitseko chimodzi mng'alu wayamba kale. Anzanga a m'makomiti a sukulu, apa tcherani khutu: pa makontirakiti ambiri a zomangamanga boma limasungako kagawo ka malipiro a kontirakitala kwa miyezi ingapo buloko ikaperekedwa, kuti chikaonongeka chinachake abwere adzakonze ndi ndalama zake. Nthawi imeneyo ikadutsa musanalembe dandaulo, basi mng'aluwo ndi wanu, ndipo ndalama zokonzetsera zinthu zikaonongeka ndi zomwe zimasowa kwambiri m'mabajeti amenewa. Jambulani, lembani kalata, ahedi asayine.

Ndipo bwanji osamata pakhoma pepala loonetsa kuti zaperekedwa zingati, zogulira chiyani? Si zachilendo. Ku Uganda kafukufuku anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995 sukulu zinkalandira 13 peresenti yokha ya ndalama zoyendetsera sukulu zomwe boma linkatumiza, zina zonse zimathera m'njira. Boma litayamba kulengeza ndalamazo m'manyuzipepala, pofika 2001 zomwe zimafika zinapitirira 80 peresenti. Ife chikwangwani chomwe anazika panja chili ndi dzina la polojekiti ndi la kontirakitala, mtengo osalembapo, mndandanda wa zomwe amayenera kumanga sitinauonepo, ndiye kaya siling'i inalipo pa pulani kaya inalibepo, tingoganizira.

Kumsonkhano wa makolo ukubwerawu ine funso langa ndi limodzi: kandalama kosungidwa kaja akamupatsa liti kontirakitala, tsiku lake atiuze.