Kujambula akakowa ndi zimeza: P950, RX10 IV, R7 kapena OM-1?

Aliyense wofuna kamera yatsopano yoti azijambulira mbalame za m'madambo ndi m'mbali mwa nyanja amayamba ndi funso limodzi, zumu yake imafika pati? Ndimamvetsa ndithu, chifukwa kakowa sakudikira, ukangoponda pafupi watambasula mapiko wakatera kutsidya basi. Koma ine ndikuti pa mbalame za miyendo italiitali zoyenda m'madzi osayazi, mamilimita a lenzi, amene amaonetsa kufika patali kwa zumu, si amene amagamula mlandu. Chimene chimasiyanitsa makamerawa ndi zimene amachita pa kamphindi kamene khosi la mbalame lawongoka kupita m'madzi, komanso mmene amasungira nthenga zoyera dzuwa likawala.

Tiyambe ndi imene imakopa anthu ambiri, Nikon Coolpix P950. Inatuluka mu 2020, lenzi yake ndi yosachotsa ndipo imachoka pa 24mm mpaka 2000mm, ndiye kuti zumu ya 83x. Mkulu wake P1000 wa 2018 amafika 3000mm koma amalemera pafupifupi makilogalamu 1.4 pamene P950 ili cha pa kilogalamu imodzi. Apa palibe zotsutsa, ngati cholinga chanu ndi kudziwa kuti kambalame kakang'ono kakuthamangathamanga pamatope kutali uko ndi ka mtundu wanji, kapena kuwerenga mphete imene ofufuza anaika pamwendo wa dokowe, makamera awiriwa amagwira ntchito imene ena onse ndiwatchulewa sangaithe popanda kuwonjezera malenzi akuluakulu. Vuto lili mkati. Sensa yake, kachipangizo kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi, ndi kakang'ono kwabasi, pafupifupi mamilimita 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, ndipo mukatambasula zumu yonse lenzi imakhala pa f/6.5 pa P950, f/8 pa P1000 (nambala ya f ikamakula, kuwala kolowa m'lenzi kumachepa). Tsono mbalamezi zimadya kwambiri m'mamawa ndi madzulo kuwala kuli kochepa, ISO (muyeso wa mmene kamera imakwezera kuwala kochepa) imakwera, ikangodutsa 800 nthenga zimayamba kuoneka zopakika, timizere tonse ta pamapiko tathawa. Fokasi yakenso ndi ija yofufuza, imapita kutsogolo n'kubwerera isanakhazikike, nde mbalame ikanyamuka kuuluka nthawi zambiri mumatsala ndi chithunzi cha bango.

Ndiye pali china chimene otsatsa malonda sanena. Pakati pa inu ndi mbalame imene ili kutali pali mpweya, ndipo dzuwa likakwera matope ndi mchenga zimatentha pamene madzi akadali ozizira, mpweyawo umachita kunjenjemera ngati mmene zimaonekera pamwamba pa msewu wa tala masana. Pa 2000mm mukukulitsa mbalame, inde, koma mukukulitsanso kunjenjemerako. Anthu ambiri amadandaula kuti kamera yawo yatsopano ndi yowonongeka kapena dzanja likugwedera, amagula tripod, zithunzi zimatulukabe zofewa, pamene wolakwa ndi mpweya. Palibe kamera, ngakhale yodula chotani, imene imachiza zimenezi. Mankhwala ake ndi kufika pafupi komanso kulawirira.

Sony RX10 IV ili pakatikati. Ndi ya 2017, nayonso lenzi yake sichoka, imathera pa 600mm basi koma pamenepo ili pa f/4, ndipo sensa yake ndi mamilimita 13.2 ndi 8.8, kuwirikiza kanayi malo a sensa ya P950. Fokasi yake ndi yachangu zedi, imatsata mbalame ikuuluka, ndipo imajambula zithunzi 24 pa sekondi. Kwa munthu amene safuna zosinthasintha malenzi pamalo pa matope ndi fumbi, iyi ndimaikonda kuposa ma Coolpix aja, kungoti siizindikira diso la mbalame payokha ngati makamera atsopano, mumayenera kuika kabokosi ka fokasi pamutu nokha, ndipo mukadula chithunzi kwambiri kuti kambalame kakang'ono kadzadze, malire ake amaonekera msanga.

Tsopano kwa awiri amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, Canon EOS R7 ndi OM System OM-1, onse a 2022, onse osintha malenzi. R7 ili ndi sensa ya APS-C ya mamegapikiselo 32.5, mukaikako lenzi ya RF 100-400mm imaona ngati 640mm chifukwa kukula kwa sensayo kumakhala ngati kuchulukitsa mamilimita a lenzi ndi 1.6, ndipo lenziyo ndi yopepuka, magalamu 635 okha, mutha kuyenda nayo tsiku lonse pakhosi. OM-1 sensa yake ndi yocheperako, ya Micro Four Thirds, mamegapikiselo 20, koma imachulukitsa kawiri, ndiye lenzi ya M.Zuiko 100-400mm imasanduka 800mm. Papepala zikuoneka ngati OM-1 yapambana pa kufika patali, koma R7 ili ndi mapikiselo ambiri oti mudule, nde mukamaliza kudula ziwirizi zimakumana chapafupi. Apa musatayepo nthawi.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kujompha. Tayang'anani chimeza chikusaka. Chimaima m'madzi ofika m'mawondo osagwedezeka, khosi litapindika, mphindi zimatha chili phee, kenako mutu umapendekeka pang'ono, thupi limatsamira kutsogolo pang'onopang'ono, khosi limafupika kulowa m'mapewa, ndiye mwadzidzidzi chuu! mlomo uli m'madzi, ndipo chala chanu chikamafika pabatani nsomba ili kale kukamwa. Khosi la mbalame za banja limeneli lili ndi fupa limodzi lalitali kuposa anzake limene limathandiza kuti liziponyeka mwachangu chonchi, munthu sungapikisane nalo. OM-1 ili ndi chimene amati Pro Capture, mukadina batani theka kamera imayamba kujambula n'kumasunga zithunzi zaposachedwa, mukadina lonse imakupatsani ndi zija za m'mbuyo zomwe, ndiye mutha kudina mutaona kale madzi akuthovoka koma mlomo ukulowa m'madzi n'kuupeza. R7 nayo ili nacho chofanana, imasunga theka la sekondi musanadine, koma chimabisika mu RAW burst mode ndipo zithunzi zonse zimalowa mufayilo imodzi yoti muzikatulutsamo chimodzichimodzi pambuyo pake, zotopetsa ndithu ukabwerako ndi khadi yodzadza.

Chinanso ndi shata, chimene chimatsegula ndi kutseka kuwala pojambula. Mbalamezi zimamva, ndiye shata yachete yamagetsi imathandiza ukakhala pafupi. Sensa ya OM-1 ndi ija yosanjikiza, imawerenga chithunzi mwachangu kwambiri, mapiko amatuluka owongoka ngakhale pa zithunzi 50 pa sekondi fokasi ikutsatabe, kungoti liwiro limeneli limatheka ndi malenzi ena okha. R7 pa shata yamagetsi imafika 30 pa sekondi koma imawerenga pang'onopang'ono kuchoka pamwamba kutsika pansi, nde mapiko akukupiza kapena mukutsatira mbalame cham'mbali mumapeza nsonga za mapiko zopindika ndi bango lopendekeka. Pothawa zimenezi mumabwerera ku shata yamakina ya 15 pa sekondi, imene ndi yokwana bwinobwino koma imalira. Kwa dokowe kapena chimeza chachikulu chouluka mwaulesi sizivuta kwenikweni, vuto limakula pa timbalame tating'ono ta m'mphepete mwa madzi timene timakupiza mapiko mothamanga.

Kuzindikira mbalame onse awiri amatha, kabokosi kamakakhala padiso kokha. Koma musakhulupirire kwambiri pamadzi. Madzi akakhala bata kamera nthawi zina imagwira chithunzithunzi cha mbalame cha m'madzimo m'malo mwa mbalame yeniyeni, pena imagwira phesi la udzu lodutsa kutsogolo, pena mbalame ikakuyang'anani maso ndi maso imagwira nsonga ya mlomo diso n'kutsala lofewa. Ine ndimati sankhani batani limodzi kumbuyo mulipatse fokasi ya kadontho kamodzi, kuti kamera ikasokonezeka muiwongole pompo osachotsa diso.

Pa nthenga zoyera makamera onse amalakwitsa mofanana, amasiyana pokhululuka. Kakowa woyera ataima patsogolo pa bango lakuda, kamera imaona mdima wambiri n'kuwalitsa chithunzi, kakowayo amapserera kukhala chigamba choyera chopanda nthenga ngakhale imodzi. Tsitsani kuwala ndi -0.7 kapena -1, dzuwa likakhala lamphamvu kuposa apo, yatsani chenjezo lija lothwanima pamene papserera, ndipo jambulani RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene sensa yaona kuti mudzakonze pakompyuta. Pa R7 ndi OM-1 mukatsitsa chonchi mutha kudzakweza mithunzi pakompyuta popanda kuwononga kwambiri, RX10 IV imayesetsa, P950 ili ndi RAW inde koma mukakweza mithunzi phokoso la timadontho limatuluka lonse. Liwiro la shata ndi lomwelo pa onse, 1/500 ya sekondi ikwana mbalame ikangoima, pojompha ndi pouluka musatsike pa 1/2000. Apa ndi pamene lenzi ya Canon ija imaonetsa kufooka kwake, pa 400mm ili pa f/8 pamene ya M.Zuiko ili pa f/6.3, ndiye m'bandakucha ISO ya R7 imakwera msanga, ngakhale sensa yake yokulirapo imabwezako pang'ono.

Ena anena za Nikon D500 ya 2016 ndi lenzi ya 200-500mm f/5.6. Fokasi yake mpaka lero ndi yodalirika pa mbalame zouluka, koma lenzi yokhayo ndi makilogalamu opitirira awiri, shata imalira, ndipo mukaiika pansi kuti muzionera pa sikirini fokasi imachedwa.

Ndipo kuika pansi kumeneku ndiye nkhani yaikulu pa mbalame za m'madzi. Mukajambula mutaima, kumbuyo kwa mbalame kumakhala matope ndi zinyalala zonse zikuoneka. Mukatsitsa kamera kufika pafupi ndi madzi, mulingo wa diso la mbalame, kumbuyo kumasungunuka, chithunzithunzi cha m'madzi chimatalika, ndipo mbalamezo sizikuopani kwambiri mukakhala pansi osasuntha, nantchengwa amatha kubwera yekha akupalasa matope ndi phazi mpaka kudzadza chithunzi pa 400mm. Kunyanja ya mchere khalani pansi madzi akamayamba kudzadza, amakankhira mbalame kwa inu. Pamenepo kamera imakumana ndi madontho ndi mchenga, ndipo OM-1 ili ndi chitetezo cha IP53 ku fumbi ndi madontho a madzi, R7 thupi lake ndi lotetezedwa koma lenzi ya RF 100-400mm ayi, P950 ilibiretu, ndiye ifunika kuikulunga.

Nde ine mukandifunsa, wofuna kujompha ndi kuuluka atenge OM-1, ndipo sindikukayika. R7 ndi ya amene amakonda kudula zithunzi ndi kusindikiza zazikulu, kapena ali kale ndi malenzi a Canon, bola avomere shata yolira. RX10 IV ndi ya woyenda maulendo wofuna chinthu chimodzi m'chikwama. P950 itengeni ngati ndinu wowerenga mitundu ya mbalame kuposa wojambula, koma muziigwiritsa ntchito cha pa 800mm mpaka 1200mm dzuwa lili kumbuyo kwanu, zumu yonse ija muziisungira pofuna kungozindikira mbalame. Ndipo pa zisa pokha ndiye pamene mamilimita ambiri ali ndi phindu lenileni, chifukwa kholo likathawa pachisa chifukwa cha inu mazira amapsa ndi dzuwa kapena akhwangwala amawatola, choncho pamenepo imani patali, ndipo mukaona mbalame yasiya kudya yatukula khosi kukuyang'anani bwererani m'mbuyo.