Zilumba za ku Cape Maclear, patatha miyezi isanu ndi itatu

Dzulo alamu anga a ku Chinamwali andifunsa ngati nawonso angatenge banja lawo kupita ku zilumba za ku Cape Maclear, monga tinachitira ife mu Julaye. Ndinawauza kuti adikire ndilembe bwinobwino, chifukwa maganizo anga pa ulendowu akhala akusinthasintha.

Msewu wodzera ku Liwonde ndi Mangochi tinauyenda popanda vuto. Malo ogona ku Chembe anali aukhondo, chambo chowotcha chinali chokoma.

Chilumba cha Thumbi ndiye sindidzachiiwala. Woyendetsa boti anaimba likhweru n'kuponya nsomba pamadzi. Nkhwazi inanyamuka pamtengo, inatsika ngati muvi n'kuiwakha ndi zikhadabo pafupi ndi ife, mpaka madzi anatiwaza kumaso. Kenako ndinavala magalasi osambirira n'kumiza nkhope. Nsomba za mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zinkadya ndere pamiyala, zina zikuzungulira dzanja langa osaopa. Apo ndinamvetsa chifukwa chake paki ya Lake Malawi National Park, momwe muli zilumbazi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mwana wathu mpaka lero amajambula mbuna kumapeto kwa makope ake.

Mwana yemweyo, itatha miyezi itatu, anandiitana m'mawa wina akunjenjemera, akuti akukodza magazi. Kuchipatala anapeza likodzo. Anatiyezanso tonse, ineyo ndi mayi ake tinapezeka nalo, ndipo tinamwa mankhwala a praziquantel. Adokotala anatifotokozera kuti tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowa kudzera pakhungu munthu akamasambira, ngakhale madziwo aoneke oyera mbee. Chimandiwawa n'chakuti tisananyamuke ndinamufunsa mnyamata amene anatigulitsa ulendowu. Anangoti, "Kumeneko kulibe zimenezo bwana, musade nkhawa." Akanatiuza zoona tikanapitabe, koma tikanadziwa kuti tikabwerako tiyenera kukayezetsa. Sabata imeneyo ndinalumbira kuti sindidzapondanso kunyanja.

Mtima unatsika mwana atachira. Koma nkhani ya ndalama siinathe. Tinalipiriratu maboti a masiku atatu. Tsiku lachitatu mwera unawomba, ulendo wa ku Domwe unalephereka. Mphepo sindingamuimbe nayo mlandu mnyamata uja, komatu iye amadziwa kuti Julaye ndi nyengo ya mwera ndipo sanatichenjeze. Analonjeza kubweza ndalama ya tsikulo. Mpaka lero ndikamuimbira ndi "mawa bwana, netiweki ikuvuta." Pamene ife ngongole ya ku banki m'khonde yomwe tinayendera ulendowu tamaliza kubweza mwezi watha womwewu, ndi chiwongoladzanja chomwe.

Ndiye alamu, pitani, ana akaione nkhwazi ija ndi maso awo. Koma mupite cha mu Okutobala mwera utaleka, boti muzilipira tsiku lomwelo muli pagombe, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mutabwerako, mukayezetse nonse. Nambala ya mnyamata uja musandipemphe mpaka atabweza ndalama yanga.