Kosi ya logo ku Limbe: ndalama yanga sinapite pachabe

Ndinachita kosi ya graphic design (luso lokonza ma logo ndi zithunzi zosindikiza) ya masabata 6 kwa mayi wina ku Limbe. Tsiku loyamba sanatilole kugwira kompyuta. Anati tijambule logo ya saluni ndi pensulo, kenaka anaichepetsa kufika kukula kwa chidindo. Yanga inangosanduka chidontho chakuda, timizere tonse titaphatikizana. Ndinaijambulanso kasanu.

Ndimawathokoza kwambiri pa nkhani yosindikiza. Anatitengera kosindikizira mabuku, tinakaona ndi maso athu buluu wowala wa RGB (mitundu ya pa sikirini) atazilala pa CMYK (mitundu ya inki yosindikizira). Chiyambire tsikulo sindiiwala bleed (kupitiriza chithunzi kunja kwa mzere wodulira pepala) ya mamilimita 3, zithunzi za 300 dpi (timadontho 300 pa inchi, kuti zioneke bwino), ndi kusandutsa zilembo kukhala ma curves (mizere yojambula, kuti zisasinthe) mu pulogalamu ya CorelDRAW ndisanatumize PDF.

Makompyuta okha ndiwo ochepa, tinkakhala awiri pa imodzi. Za branding (kukonza maonekedwe odziwitsa bizinesi) anangokhudzako pang'ono, ine ndinkafuna sabata yathunthu.