Ma dinosaur pa sikirini: phunziro la Royal Tyrrell Museum ndalikonda

Ine ndimathandizira aphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Calgary, m'dziko la Canada, ndiye sabata yatha ana athu anaphunzira za ma dinosaur, zinyama zija za makedzana, kuchokera ku Royal Tyrrell Museum, ija ili ku Drumheller. Osakwera basi ayi, tinangokhala m'kalasi momwemo, mphunzitsi wa ku museum akuyankhula pa vidiyo ife tikumuona pa sikirini, nayenso akutiona.

Kunena zoona ndinkati aaa ana awa angoyamba kusewera, koma mayi uja atangoyandikitsa dzino ku kamera kalasi yonse ziii. Anawalongosolera mmene fupa limasandukira mwala, kuti nyama ikafa n'kukwiririka msanga ndi matope kapena mchenga, madzi a pansi amalowetsa timiyala m'timabowo ta fupa pang'onopang'ono mpaka limauma gwa, ndipo anabwereza kawiri osatopa poti kamnyamata kena kanakakamira kuti ndi pulasitiki. Anatchulanso dinosaur wotchedwa Albertosaurus, amene mutu wake anaupeza Joseph Tyrrell mu 1884 m'mbali mwa mtsinje wa Red Deer, dzina la museum linachokera kwa bambo ameneyu.

Pomwe ana anabalalika mitu ndi pomwe anamva kuti ma dinosaur aakulu aja anatha zaka 66 miliyoni zapitazo koma mbalame ndi mbumba yawo. Ndiye kuti nkhuku? Eya, nkhuku yomwe ija timaithamangitsa pa Khirisimasi. Ine ndinaseka ndekha kumbuyo.

Chovuta chinali intaneti ya pa sukulu pathu, inadukaduka kawiri, komanso ana 24 maikolofoni imodzi, amanyazi sanafunse kanthu. Ndipo sikirini siingakuonetse kukula kwa chinyama. Zimenezi ndikuzidziwa chifukwa ndinaimapo pansi pa mafupa a dinosaur wotchedwa Malawisaurus ku museum ya ku Karonga, khosi lokhalo umachita kupendeketsa mutu, pamene pa sikirini fupa la mwendo limangooneka ngati ndodo ya agogo.

Nditawauza ana kuti kwathu ku Malawi kulinso dinosaur wathuwathu, ndi mnzake Karongasaurus amene anamulongosola Mmalawi Elizabeth Gomani mu 2005, anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza, mpaka aphunzitsi anachita kuwafufuzira chithunzi. Aphunzitsi anzanga bukitsani phunziroli ndithu, kungoti ana alemberetu mafunso dzulo lake, ndipo intanetiyo muyiyese kaye m'mawa.