Mapesi othira Urea: zomwe zaoneka chilimwe chitatha

Takhala tikudyetsa ng'ombe za mkaka mapesi a chimanga othira feteleza wa Urea kuchokera nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba. Njirayi ndi yabwino, koma payokha sichulukitsa mkaka.

Mapesi wamba ndi olimba, ng'ombe imabzikula tsiku lonse koma zambiri zimangotuluka m'ndowe. Urea akanyowa n'kutsekeredwa amatulutsa mpweya wa amoniya umene umafewetsa mapesiwo, ndipo tizilombo ta m'chifu timawagaya mosavuta. Chakudya chomwecho chimapereka mphamvu zambiri.

Muyeso womwe sunatikhumudwitse ndi uwu: makilogalamu 4 a Urea m'malita 50 a madzi pa makilogalamu 100 a mapesi ouma, oduladula ngati kutalika kwa chala. Wazani ndi kheni pang'onopang'ono, pondani kwambiri m'dzenje loyala pulasitiki, phimbani n'kukwirira ndi dothi. Kukamatentha masabata 3 akwana, koma mu Juni ndi Julayi dikirani 5. Opsa bwino amakhala ofewa, ofiirira, a fungo lolasa m'mphuno. Tapani a tsiku limodzi, muwayanike pamthunzi fungolo lichepe, dzenje mutsekenso.

Pofika Okutobala ng'ombe zinali zisanaonetse nthiti, ndipo m'chodyera munkatsala zochepa. Mkaka unakwera pokhapokha pamene tinawonjezera madeya, pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita 2 a mkaka, ndi mchere wonyambita. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo tija timafuna chakudya chopatsa mphamvu msanga kuti tisandutse amoniya kukhala zomanga thupi. Popanda madeya, amoniya wambiri amangotayika mu mkodzo.

Zovuta zilipo. Mbewa ndi chiswe zikaboola pulasitiki, mpweya umathawa ndipo mapesi amachita chuku. Amenewo tayani, musawaumirire. Kudula ndi chikwanje n'kotopetsa zedi, gulu la alimi likadagula makina odulira zikadapepuka. Choopsa kwambiri ndi Urea wosasungunuka bwino: ng'ombe ikadya mibulu yake imachita dovu, kunjenjemera ndi kutupa mimba. Imwetseni viniga msanga n'kuitana mlangizi wa ziweto. Musayerekeze kugwiritsa ntchito feteleza wa CAN kapena NPK m'malo mwa Urea, ndipo ana a ng'ombe osakwana miyezi 6 musawapatse, chifu chawo sichinakhwime.

Kwa amene ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri zokama, thumba limodzi la makilogalamu 50 likwanira mapesi oposa tani imodzi. Yambani ndi pang'ono, kusakaniza ndi udzu womwe zinazolowera kwa sabata yathunthu.