Toyota 86 yanga ku Salima chithereni walanti

Alamu anga a ku Nkhotakota akufuna kuitanitsa galimoto ngati yangayi, ndiye andifunsa ngati ikundidyera ndalama chithereni walanti. Ndalemba pano kuti ena amene amaisirira ikamadutsa pa Kamuzu Road amve nawo.

Ndi Toyota 86 ya 2013, ya magiya a pamanja, yochokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe. Ndinaigula kwa wogulitsa magalimoto wina ku Lilongwe, amene anandipatsa walanti ya miyezi 6 pa injini ndi giyabokosi, bola sevisi ndizikapangitsa ku galaja yake.

Giyabokosi, kilatchi ndi mabuleki sizinandivutepo. AC imaziziritsa ngakhale mu October, dzuwa la kunyanja kuno likamaswa mtengo. Fyuluta ya oilo ili pamwamba penipeni pa injini, kusintha kwake sikuchedwa. Oilo wake ndi 0W-20, malita opitirira pang'ono 5, ndipo ndimagula ku Lilongwe chifukwa m'mashopu a kuno wochuluka ndi wokhuthala uja wa 20W-50.

Chimene chandiwawa mtima ndi mapulagi. Walanti isanathe, injini inayamba kunjenjemera m'mawa, kenaka nyale ya check engine n'kuyaka. Ndinapita nayo ku galaja ya ogulitsa aja. Inagona komweko, ndipo pa risiti analemba kuti asintha mapulagi onse anayi. Sevisi sinali m'walanti, choncho ndinalipira ndekha. Inayenda bwino pang'ono, koma walanti itangotha vuto linabwerera, makamaka pokwera zitunda za msewu wa M14 popita ku Lilongwe. Ukaponda moto imakhala ngati yatsamwa. Nditawaimbira anangoti, "Bwana, nthawi yanu inatha, mwina ndi petulo wa kwanuko."

Mnzanga anandilozera kwa madala ena a galaja yaing'ono kuno ku Salima, ozolowera ma Subaru monga ma Forester ndi ma Impreza. Atangotsegula boneti anati, "Achimwene, iyi injini ndi ya Subaru, ndimaidziwa." Ndi zoona, galimotoyi inapangidwa mogwirizana ndi Subaru, ndipo injini yake, FA20 ya malita 2, ndi imene ilinso mu Subaru BRZ. Masilinda ake ndi ogona, awiri mbali ino awiri mbali inayo, choncho mapulagi ali m'mphepete, mopanikizana ndi chitsulo cha thupi la galimoto. Kuti dzanja lilowe bwino amamasula mamaunting'i n'kukweza injini pang'ono ndi jeke. Madalawo anachita zimenezo ine ndili pompo, ndipo anatulutsa mapulagi anayi akale, othaitha, okhala ndi dzimbiri m'mazinga. Palibe imene inasinthidwapo. Anyamata a ku galaja ija anangofufuta nyale ndi kompyuta, ine n'kulipira. Koilo imodzi, yomwe imapereka moto ku pulagi, inalinso itapsa.

Risiti ndinali nayo, mapulagi akalewo ndinawatenga m'jumbo mpaka ku Lilongwe. Mwini malo anati makaniko amene anagwira ntchitoyo anachoka, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngakhale pepani sanandiuze. Zinandipweteka kwambiri chifukwa munthuyo ndinkamukhulupirira, ndinamutumizirapo ndi makasitomala.

Mapulagi a iridium ndi koiloyo ndinaitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa munthu wa mabasi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja mtengo wake ndi wolasa, ndipo zitsulo zokhazi zinaposa sevisi yonse ya Vitz ya mayi akunyumba. Koma leba ya madala aja inali yomveka, ndipo kuchokera pamenepo injini ikulira bwino.

Alamu, inu vuto lanu lalikulu likhala msewu. Galimotoyi ndi yotsika kwambiri, pansi pake patalika masentimita 13 okha, ndipo matayala ake ndi 215/45 R17, opyapyala m'mbali. Mahampu ndimawakwera chopingasa. Msewu wa M5 kuchoka pa Kaphatenga kulowera kwanuko unandipindira rimu pa dzenje limodzi lokha, ndipo tayala la saizi imeneyi simungalipeze msanga pa Nkhotakota boma. Nyengo ya mvula ndimaisiya pakhomo ndikamapita kumidzi.

Tsiku limene ndikulipira zitsulo ndimalumbira kuti ndiigulitsa. Loweruka ndikaiponda kupita ku Senga Bay, mmene imagwirira msewu pa kona, maganizo ogulitsawo amatha. Pakadali pano ndikuisunga, poti ndapeza makaniko woona mtima ndipo ndimapatula kandalama mwezi uliwonse ka matayala ndi oilo. Ngati ikhale galimoto yanu yokhayo, musagule. Ngati muli ndi ina, gulani, koma walanti ya wogulitsa musaidalire, ndipo pa sevisi iliyonse muziwauza akupatseni m'manja zitsulo zakale zimene achotsa.